Madala a Mlongoti Akangana za Chiphaso

Mu Blantyre muno muli nyumba zina zimene mungazizindikire muli patali. Pamwamba pa malata paima mlongoti, ndipo waya wachoka pamenepo kukamangidwa pa mtengo wa mango wa aneba. Ena amanong'ona kuti eni ake ndi akazitape, ena amati n'zokhwimira bizinesi. Onsewo akunama. Amenewa ndi anthu a wailesi ya amateur, amene amagula makina ndi ndalama zawo, kutenga chiphaso ku MACRA, kuti usiku azikuwa kuti "CQ, CQ" mpaka munthu wa ku Brazil kapena ku Japan awayankhe. Gulu lawo lingakwane mu minibasi imodzi kondakitala n'kumaitanirabe ena. Koma akakumana Loweruka pakhonde, ndewu yake ana amakwera mpanda kuti aonere.

Oyambitsa nthawi zonse amakhala madala, eni khondelo, amene anapuma ntchito ya matelefoni a waya. Iwo chiphaso chawo choyamba anachitengera ku Britain ali pa sukulu, nthawi imene munthu ankayenera kumenya Morse mawu 12 pa mphindi asanaloledwe kulankhula ndi maiko akutali. Nkhaniyi aifotokoza kambirimbiri moti ngakhale galu wawo akaimva amanyamuka.

"Wailesi inafa mu 2003," amatero akugogoda tebulo ndi chala. "Chaka chimenecho msonkhano wa ITU ku Geneva unati Morse isakhalenso yokakamiza. A ku Britain anaitaya pompo, a ku America anatsatira mu 2007. Lero aliyense wodziwa kudina batani akuti ndi mnzanga!"

Wodina batani amene akunenedwayo ali pomwepo, ndipo akudya mtedza wa madalawo. Ndi aphunzitsi a sayansi a pa sekondale ina, amene amagwiritsa ntchito FT8. Njira imeneyi inabwera mu 2017, ndipo mmodzi mwa oipanga ndi Joe Taylor, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1993. Kompyuta imatumiza kauthenga kwa masekondi 15, kenaka imamvetsera kwa masekondi 15, ndipo imatola mawu ofooka amene khutu la munthu silingawamve. Aphunzitsiwo amadzitama kuti usiku umodzi anafika maiko ambiri kuposa amene madala anafika chaka chonse.

"Munafika inu kapena laputopu yanu?" amafunsa madala. "Inu si munali kubafa?"

"Nanga inu bambo, mukamupeza mzungu wanu wa ku Germany mumakambirana zotani?"

Apa pamakhala kachetechete, chifukwa yankho aliyense akulidziwa. Munthu amatchula dzina lake la pa wailesi, mnzake amati "59", kutanthauza kuti akumumva bwino kwambiri, ngakhale wamufunsa katatu kuti abwereze. Kenaka "73", kutsanzikana, basi zatha. Safunsana za kumudzi, za mvula, ngakhale za ana. Mmalawi amene pa msewu moni yekha amamutengera mphindi zisanu, pa wailesi amamaliza ubale wonse mpweya usanamuthere. Pambuyo pake amadikira miyezi kuti khadi ya QSL ibwere pa positi, umboni woti zinachitikadi.

Koma awiriwa amagwirizana msanga akatembenukira kwa mnyamata wina amene wakhala pa ndowa. Iye anaitanitsa ka Baofeng kuchokera ku China, kawailesi ka m'manja kotchipa, ndipo chiphaso alibe. Akuti mpweya ndi wa Mulungu, salipira popuma, ndiye alipirirenji polankhula?

"Dzina lako la pa wailesi ndani?" amafunsa aphunzitsi.

"Amanditchula Biggie."

Madala amavula magalasi. Amamufotokozera pang'onopang'ono kuti dziko lililonse linapatsidwa zilembo zake: Malawi ndi 7Q, Zambia 9J, Mozambique C9. Ngakhale Mfumu Hussein ya ku Jordan inkadzitchula JY1 ikakhala pa wailesi, osati Biggie. Ndipo apa, ngakhale ndimawaseka, madala akunena zoona. Mafunde a wailesi sadziwa malire, ndipo kawailesi kameneko kamatha kulowa m'njira za anthu ena amene ali pa ntchito yeniyeni. Munthu wosadziwa pamene malire ake athera akhoza kutsekereza uthenga wofunika ndi nkhani zake za mpira. Vuto ndi lakuti madala akayamba kulangiza, amayambira pa Marconi. Pamene akufika pa mfundo, mnyamata uja amakhala atatsegula kale TikTok.

Chodabwitsa n'chakuti madala omwewa ndi amene amadandaula kuti achinyamata sakubwera, wailesi ikutha. Akabwera mmodzi, amamufunsa mafunso a mayeso asanamupatse ndi mpando womwe.

Funso loopsa limachokera kukhitchini. Mayi a kunyumba amatulukira ndi tiyi, n'kuyika thireyi mwamphamvu pang'ono.

"Abambo ake, ndifunse nawo. Makina amenewa anadya ndalama ya malata a kuseri. Kodi mungalengezepo kuti ndikugulitsa nkhuku?"

"Ayi mayi, malamulo salola malonda pa wailesi imeneyi."

"Nyimbo za kwaya yathu?"

"Nazonso ayi."

"Nanga mwana wathu ali ku Johannesburg uja, munalankhula naye liti pamenepo? Ine dzulo ndamuona nkhope pa WhatsApp ndi bandulo ya tsiku limodzi."

Amuna onse atatu, amene amafuna kudyana posachedwapa, amaima pamodzi. Amayankha mopikisana kuti foni imadalira nsanja za kampani, pamene wailesi yawo imangofuna batire ndi waya. Mawu amakwera kumwamba, kugunda ionosphere, n'kukagwera kutsidya kwa nyanja popanda kupempha munthu. Amakumbutsa kuti alendo amachoka ku Ulaya ndi milongoti yawo kudzamanga m'mbali mwa nyanja ya Malawi, chifukwa 7Q ndi yosowa ndipo dziko lonse limaima pamzere kuti liipeze. Pomaliza amatulutsa mfuti yaikulu: namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, pamene magetsi anazima ndipo misewu inaduka. Tsiku ngati limenelo, amatero madala, mudzatifuna.

"Tsiku limenelo ndikulikumbuka," amatero mayi akutola makapu. "Batire yanu ija ndi imene tinatchajira mafoni a mzere wonse uno."

Zikatere msonkhano umatha. Madala amalowa m'nyumba kukaona ngati pa mafunde a mamita 20 patseguka. Aphunzitsi amathamangira kwawo, poti laputopu yakhala ikucheza ndi anthu a ku Italy iwo kulibe. Mnyamata amalonjeza kuti za chiphaso aziona mwezi ukatha, monga analonjezera mwezi watha. Kawailesi kake sikamva mafunde amene madala amalankhulira, ndipo sikadutsa phiri la Ndirande, choncho tsiku la msonkhano wotsatira adzauzana pa WhatsApp, pa foni ya mayi.