Mbewa za ku Japan zandiputira ntchito

Ife a pa Zalewa mbewa timazidziwa zili pa mpani, zothira mchere, zikudikira apaulendo a ku Blantyre ndi ku Mwanza. Koma mu 2016 akatswiri a ku Japan anatumiza mbewa 12 zamphongo ku International Space Station, nyumba ya kafukufuku imene imazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kumwambaku. Ine mwini ndege ndimangoionera pansi. Ndiwo zandipitirira.

Kumeneko chinthu sichilemera. Munthu amangoyandama, ndipo thumba la chimanga ungalikankhe ndi chala. Nditamva izi ndinati kwathu kwapezeka, poti ine ndi katundu tinadana kalekale.

Tsoka lake, fupa losasenza kanthu limafooka. Anthu okhala kumeneko mafupa awo amatha ndi gawo pafupifupi limodzi mwa 100 mwezi uliwonse, n'chifukwa chake amachita masewero olimbitsa thupi maola awiri tsiku ndi tsiku.

Ndiye kumeneko, m'chipinda cha a ku Japan chotchedwa Kibo, muli makina ozunguza otchedwa centrifuge. Mukudziwa kuti ukapukusa ndowa ya madzi mwaliwiro, madziwo sataika ngakhale ndowa itazondoka; amakanirira pansi pa ndowayo. Makinawa amachita zomwezo, amabwezera chinthu kulemera kwake. Mbewa 6 anazizunguza mpaka zinkalemera ngati zili pansi pano, zina 6 anazisiya ziziyandama. Patatha masiku 35 zonse zinabwera zamoyo. Zoyandama zija mafupa ndi minofu zinali zitafooka, pamene zozunguzidwa zinabwera zili gwa.

Nkhaniyi ndinawafotokozera mayi akunyumba kuti aone kuti anakwatiwa ndi munthu wodziwa zinthu. Anamvetsera bwinobwino, kenako anandiikira zigubu ziwiri pamapazi.

"Bambo a ana, anzanu akuwononga ndalama zankhaninkhani kuti mbewa zilemedwe. Pano kulemera n'kwaulere. Kumjigo ndi uko, mafupa anuwo angathe."

Ndinayesa kudziteteza mwasayansi. Ndinati ine sindili m'gulu la mbewa zoyandama, chifukwa Loweruka lililonse ndikamachoka kocheza ndi anzanga, mlatho wa Shire, msewu ndi nyumba zonse zimazungulira, ine ndili pakati.

"Makina amenewo ndikuwadziwa," anatero mayiwo. "Amakanirizira ndalama kunja kwa thumba. Nyamulani zigubu."