Galu wachipewa, gitala lamoto ndi mwendo wothyoka

Kuno kwathu Juni ndi mwezi wa majuzi, chimfine ndi kuwothera dzuwa kuseri kwa nyumba. Ku Ulaya ndi ku America ndiye nthawi imene dzuwa limabwerako kumene linathawira, ndipo anthu amene akhala miyezi yambirimbiri atadzitsekera m'nyumba amatuluka ndi misala yawo yonse. Oimba nawo amatuluka. N'chifukwa chake mbiri ya nyimbo za rock ndi pop yadzaza ndi masiku a Juni ndi kumayambiriro kwa Julayi. Olemba mabuku amawatchula masikuwa mwaulemu kwambiri, koma mukawafukula bwino mupeza kuti pansi pake pali munthu wodwala, chipangizo chosowa kapena nsanje basi.

Tiyambe ndi chiuno. Pa 5 Juni 1956 Elvis Presley, mnyamata wa zaka 21, anaonekera pa wailesi yakanema mu pulogalamu ya a Milton Berle. Gitala analisiya pambali, n'kuimba "Hound Dog" uku akudukula. Kutacha, nyuzipepala zinali moto, abusa akudzudzula, makolo akuti dziko latha. Inetu kanemayo ndinamuona. Chiuno chimene chinagwedeza America yonsecho, pa ukwati wa ku Ndirande sakanachifupa ngakhale kobiri.

Apo ndi pamene a Steve Allen, eni pulogalamu ina, anaganiza zomuphunzitsa mwanayo khalidwe. Pa 1 Julayi anamuveka suti yakuda yamchira, n'kumuimika kutsogolo kwa galu weniweni, wa makutu olendewera ndi maso achisoni aja, galuyonso atamuveka chipewa chachitali. Anamuuza kuti nyimbo ija aimbire galuyo. Elvis anaimba ataima njo, galu akuyang'ana kumbali ngati sakumudziwa. Koma usiku umenewo anthu ochuluka anaonera a Allen kuposa a Ed Sullivan, amene ankadzitama kuti mnyamata wotereyu sadzaponda pa pulogalamu yawo. Sipanapite milungu iwiri, a Sullivan anamulemba kuti adzaonekere katatu pa mtengo wa madola 50,000. Khalidwe ndi labwino, koma ndalama nazo zili ndi abale.

Pa 6 Juni 1962 anyamata anayi a ku Liverpool analowa koyamba mu situdiyo ya EMI ku Abbey Road mu London. Zipangizo zawo zinali zakutha, zokuzira mawu zikulira paokha. Atamaliza, a George Martin, bambo waulemu wake amene ankayang'anira zojambula, anawakhazika pansi n'kuwalalikira kwa nthawi yaitali za zonse zimene zinali zolakwika. Anyamata duu. Pomaliza bamboyo, pofuna kuoneka wachilungamo, anafunsa ngati iwonso panali chimene sanachikonde. George Harrison, wamng'ono pa onse, wa zaka 19, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti choyamba, tayi wawoyo sanamukonde. Kunagwa phwete. A Martin anadzaulula pambuyo pake kuti tsiku limenelo chimene chinawakopa pa The Beatles chinali nthabwala zawo, nyimbo zinali zapakatikati. Amene anawadandaulitsa anali woimba ng'oma, Pete Best, mnyamata wofatsa wosalankhulalankhula. Pofika Ogasiti Best anali atachotsedwa. Wonyoza tayi wa bwana anakhalabe pantchito.

Mpando wa ng'oma wa gulu limeneli uli ndi nkhani inanso, ndipo iyi mukaiseka kwambiri misozi imatsatira. Pa 3 Juni 1964, kutatsala tsiku limodzi kuti The Beatles anyamuke ulendo wozungulira maiko, woimba ng'oma wawo Ringo Starr anakomoka akujambulidwa zithunzi. Pakhosi panali patatupa, ndipo anamugoneka m'chipatala. Matikiti anali atagulitsidwa kale. Harrison anayamba wakana, akuti popanda Ringo iye sapita, mpaka akuluakulu anachita kumunyengerera. Ndiye anaimbira foni Jimmie Nicol, woimba ng'oma waganyu wa zaka 24, amene nyimbozo ankazidziwa chifukwa anali ataziimbapo pa chimbale chotsika mtengo chotengera nyimbo za The Beatles.

Anamumeta tsitsi kuti afanane ndi anzakewo, n'kumuveka suti ya Ringo. Thalauzi linathera m'mwamba mwa akakolo. Mawa lake anali pa nsanja ku Copenhagen, atsikana akukuwa mpaka ng'oma zake zomwe osamveka. Kuchoka apo ku Netherlands, kenako Hong Kong, kenako Australia, kumene mumzinda wa Adelaide anthu pafupifupi 300,000 anadzaza misewu kudzawachingamira. Tangoganizani, munthu amene sabata yathayo ankayenda mu London popanda womupatsa moni!

Pa 14 Juni Ringo anatulukira ku Melbourne, pakhosi pali bwinobwino. M'mawa mwake Nicol ananyamuka anzake aja ali m'tulo, osatsanzikana. Woyang'anira gululo, a Brian Epstein, anamupatsa mapaundi 500 ndi wotchi yagolide. Pali chithunzi chotchuka chomuonetsa ali yekhayekha pa bwalo la ndege, mipando yonse ili mbee. Chaka chotsatira ngongole zinamukwirira mpaka nkhani inakafika kukhoti. Ufumu wobwereka umatha eni ake akachira.

Tidumphe zaka zitatu. Kuyambira pa 16 mpaka 18 Juni 1967 kunali chikondwerero cha Monterey ku California, chimene ambiri amati ndicho mayi wa zikondwerero zikuluzikulu za rock. Hugh Masekela wa ku South Africa analipo ndi lipenga lake. Usiku womaliza kuseri kwa nsanja kunabuka mkangano. Gulu la The Who, lodziwika ndi kuswa zipangizo likamaliza kuimba, linkakana kubwera pambuyo pa Jimi Hendrix. Hendrix nayenso ankakana kubwera pambuyo pa The Who. Onse ankadziwana kuchokera ku London, ndipo aliyense ankaopa kuti mnzake amubera misala. A John Phillips, mmodzi wa okonza, anaponya ndalama yachitsulo m'mwamba, ndipo mwayi unagwera The Who.

Anakwera, anaimba, Pete Townshend n'kuphwanya gitala, Keith Moon n'kugubuduza ng'oma, utsi tolo, ogwira ntchito akuthamangira kupulumutsa mamaikolofoni. Hendrix anangoti chabwino. Nthawi yake itafika analiza gitala ndi mano, analiza lili kumsana, ndipo pomaliza analigoneka pansi, n'kuligwadira, kulithira mafuta a mu laita, machesi khwee. Litayaka analimenyetsa pansi n'kuponyera anthu zidutswa. Lero mukafunsa za Monterey, chimene anthu amakumbukira ndi motowo. Wopambana mayere uja anangomutenthetsera mnzake bwalo.

Panali munthu mmodzi amene sanaseke: a Ravi Shankar a ku India, katswiri wa sitar, amene kwawo chipangizo choimbira amachilemekeza ngati chinthu chopatulika. Zimene anaonazo zinawawawa mtima kwambiri. Pano ine ndili kumbali yawo. Amene anayamba wasunga ndalama chaka chathunthu kuti agule gitala la kaunjika sangaombere m'manja munthu wowotcha latsopano. Chowatonthozako n'chakuti pamene oimba ambiri anaimba ulere, ndalama zikupita ku zachifundo, a Shankar analandira madola awo 3,000.

Tsopano nayi nkhani ya mboni zonama. Pa 4 Juni 1976 gulu la Sex Pistols linaimba m'kachipinda kapamwamba ka Lesser Free Trade Hall ku Manchester. Tikiti inali mapeni 50. Analiitana ndi ana asukulu awiri, Howard Devoto ndi Pete Shelley, ndi cholinga choti gulu lawo la Buzzcocks litsegulire, koma tsiku litafika gulu lawolo linali lisanakonzeke. Anthu amene anabwera anali pafupifupi 40. Chimene anaphunzira usikuwo n'chakuti munthu sachita kudikira kuti adziwe kuimba asanakwere pa nsanja. Peter Hook kutangocha anabwereka ndalama kwa mayi ake n'kukagula gitala la besi, ndipo iye ndi Bernard Sumner anadzayambitsa Joy Division, kenako New Order. Mnyamata wina wa zaka 17, Steven Morrissey, anapita kunyumba n'kulembera kalata nyuzipepala ya NME kupereka maganizo ake, patapita zaka n'kudzatsogolera The Smiths. Chodabwitsa n'chakuti lero anthu a ku Manchester amene amalumbira kuti analipo usiku umenewo ndi ochuluka moti kachipindako kakanagumuka. Aliyense amakumbukira bwinobwino pamene anaima.

Pa 11 Juni 1988 bwalo la Wembley linadzaza ndi anthu oposa 70,000 pa chikondwerero chokumbukira kuti a Nelson Mandela akukwanitsa zaka 70, eni akewo ali m'ndende. Miriam Makeba analipo, Masekela uja analiponso, Mahlathini ndi Mahotella Queens nawonso. Mlendo wobisika anali Stevie Wonder, amene dzina lake sanalilengeze kuti likhale chodzidzimutsa. Anadzidzimuka ndi okonzawo. Akupita ku nsanja, anthu ake anazindikira kuti disiki imene munali mawu onse a makina ake oimbira yasowa. Wonder anati popanda imeneyo saimba, n'kutembenuka. Maiko oposa 60 akuonera, nsanja ili pululu.

Anayang'anayang'ana kuti ndani angakwere popanda kumumangira chilichonse. Anapeza Tracy Chapman, mtsikana wa zaka 24 amene anali ataimbako kale masana anthu akugula zakumwa. Katundu wake yense anali gitala limodzi. Anatuluka mawu akunjenjemera poyamba, ndipo bwalo lonse linakhala chete kumumvetsera. Patangopita milungu yochepa chimbale chake chinali pa nambala 1 ku Britain, kenako ku America, ndipo chaka chotsatira ananyamula mphoto zitatu za Grammy. Wonder anadzaimbabe madzulo ndi zipangizo zobwereka. Amene anasocheretsa disikiyo, kaya ali kuti, mayi Chapman akanayenera kumamutumizira kangachepe mwezi ndi mwezi.

Prince yekha sanadikire tsoka, anadzipangira. Pa 7 Juni 1993, tsiku limene ankakwanitsa zaka 35, ali pa mkangano ndi kampani ya Warner Bros., analengeza kuti dzina lake tsopano ndi chizindikiro chimene palibe munthu angachitchule. Pa makina olembera panalibe batani lake. Kampani imene ankalimbana nayoyo ndi imene inavutika kutumizira atolankhani madisiki a chizindikirocho kuti azitha kulemba za iye. Owulutsa mawu pa wailesi analibe pothawira, ankangoti woimba uja ankatchedwa Prince kale. Mu 2000, mgwirizano wake utatha, anabweza dzina lake ngati palibe chimene chinachitika.

Ndipo pa 12 Juni 2015, mumzinda wa Gothenburg ku Sweden, Dave Grohl wa Foo Fighters anathamanga pa nsanja pa nyimbo yachiwiri yeniyeni, n'kuponda pamene panalibe nsanja. Ali chigonere pansi anapempha maikolofoni n'kuuza chikhamucho kuti akuona ngati mwendo wathyoka, koma asachoke, abweranso. Anzake anapitiriza, woimba ng'oma Taylor Hawkins akutsogolera. Posakhalitsa Grohl anabweradi atamunyamula pa machira, anamukhazika pampando, n'kupitiriza chionetsero wachipatala atagwada kutsogolo kwake, atagwira phazi kuti lisagwedezeke. Bambo ameneyo anachoka kunyumba akuti akukagwira ntchito yopereka mapanado, n'kupezeka ali pakati pa nsanja pamaso pa anthu masauzande, mutu ukugwedera limodzi ndi nyimbo.

Madokotala atamuika zitsulo m'mwendo, Grohl analephera kukaimba ku Glastonbury, chikondwerero chija chimachitikira pa famu ya ng'ombe zamkaka ya a Michael Eavis kumapeto kwa Juni. Okonza anafunafuna womulowa m'malo n'kusankha Florence and the Machine. Mtsogoleri wa gululo, Florence Welch, anali atangochira kumene: mu Epulo chaka chomwecho anathyola phazi podumpha pa nsanja ku Coachella.

Grohl, ali chigonere mankhwala opha ululu akumuzunguza mutu, anajambula papepala chimpando chachifumu chokongoletsedwa ndi makosi a magitala ndi magetsi, ndipo anthu ake anamupangiradi. Anayenda nacho ulendo wonse, mwendo uli m'chikhakha. Atachira sanachitaye. Mu Epulo 2016 Axl Rose wa Guns N' Roses naye anathyola phazi, ndipo anatuma uthenga wodzabwereka mpando.