Pasipoti Yakale Si Yokolezera Mbaula

Ku Midzemba munthu akatenga pasipoti yatsopano salengeza pakamwa. Amavala shati ya thumba lalifupi kuti kabukuko kazisuzumira, kenako amapita pagolosale n'kuyamba kufufuza chenji m'thumba lomwelo pamaso pa anthu. Chenji palibe. Koma mudzi wonse waona.

Tisamuseke kwambiri, anaivutikira. Kumayambiriro kwa 2024 makina osindikizira mapasipoti anaima, ndipo pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akamberembere a pa intaneti alowerera makinawo. Ntchito itayambiranso, mtengo unatsika kuchoka pa K90,000 kufika pa K50,000, ndiye anthu anakhamukira ku Immigration ku Blantyre n'kumalawirira pamzere tambala asanalire. Wopulumuka pamzere wotero muloleni anyade.

Vuto limagwera mtchona wa ku Joni amene ali ndi mapepala enieni. Pasipoti yake ya zaka 10 yatha, wabwera kudzatenga ina, koma pemiti yake, yomwe idakali ndi moyo, inamatidwa m'kabuku kakale. Katsopano n'koyera mbee, mulibe ngakhale chidindo chimodzi.

Apa ndi pamene bwalo la akatswiri limakhala, pansi pa mtengo, bawo ili pakati. Ambiri mwa iwo ulendo wawo wautali unathera pamsika wa manachesi ku Mwanza, koma malamulo a Pretoria amawadziwa pamtima.

"Achimwene, nkhani yochepa imeneyo," amatero woyamba osadzutsa mutu pabawo. "Wiritsani madzi m'ketulo. Nthunzi ikalowa, sitikayo imamatuka yokha. Muimate m'katsopanomo ndi guluu wa nsapato, ndani angadziwe?"

Wachiwiri, mkulu wa mpingo, amakana mwaulemu. "Iyayi, bambo. Mwini nyumba akamwalira ndiye kuti zonse zatha. Pasipoti yafa, pemiti yafa. Pempherani basi."

Wachitatu sayankhula pagulu. Amamukokera mlamu wake kuseri kwa golosale. "Alamu, ndili ndi munthu wanga m'tauni. Mungondipatsa ya thiransipoti ndi kena kake ka fanta, Lachisanu zatheka." Munthu wakeyo ndi dobadoba, ndipo Lachisanu lake silidafikepo chilengedwere dziko.

Pamene bwalo likukambirana, kunyumba mayi akusesa. Apeza kabuku kakale kodulidwa ngodya, masamba ake atada ndi zidindo za pa Mwanza, Zobue, Nyamapanda ndi Beitbridge. "Bambo a mwana, chakuthachi mukuchisungiranji? Si mwatenga chatsopano?" Mwana wamng'ono wakhala kale chete pakhonde ndi bolopeni, akufuna pojambula galimoto. Makala nawo ndi onyowa, akufuna pepala.

Ine ndimati mabuku awiriwa ndi mitala. Wamng'ono ndi amene bambo amayenda naye pamsika, koma kiyi wa nkhokwe ali ndi mayi wamkulu. Kunyoza wamkuluyo n'kugona ndi njala.

Zoona zake n'zosasangalatsa ngati nzeru za pabawo, n'chifukwa chake sizimveka. Kutha kwa pasipoti sikupha visa yomwe ili m'katimo. Chomwe chimaipha ndi ketulo ija. Boma la America limanena poyera kuti visa yamoyo m'pasipoti yakutha imagwirabe ntchito ngati wanyamula mabuku onse awiri, a dziko limodzi, koma ukangoimatula yafa pomwepo. Ndipo visa ya kumeneko si yoseweretsa: mu August 2025 Amalawi ndi anthu a ku Zambia ofuna kukacheza anayamba kuuzidwa zopereka chikole chofika mpaka madola 15,000. Kukolezera mbaula chinthu chotero kumafuna kulimba mtima.

Ku South Africa, kumene anyamata athu ambiri amalowera, kuli njira yosamutsira pemiti kuchoka m'kabuku kakale kupita m'katsopano. Pempho limadzera ku VFS Global, kampani yomwe imalandira mapepala m'malo mwa Home Affairs kuyambira 2014. Kusamutsako kusanachitike, mabuku awiriwo asasiyane. A ku Britain anapita patali: visa yawo masiku ano ili pa kompyuta, ndipo wotenga pasipoti yatsopano amangolowa pa akaunti yake n'kulembetsa nambala yatsopano. Bwalo la pabawo silinaganizebe mmene lingawiritsire kompyuta, koma lipatseni nthawi.

Tsono taonani mtchona wonyada amene wasiya kabuku kakale m'sutikesi kwa apongozi chifukwa kakuchititsa manyazi. Wakwera basi pa Zalewa, wadutsa Tete, wafika pa Beitbridge miyendo itatupa. Wa Home Affairs atsegula kabuku koyerako, saona pemiti, n'kumudindira masiku a mlendo wamba, osapitirira 30. Mkuluyo alowa akumwetulira, poganiza kuti wachenjera. Akapyola masikuwo, potuluka adzamulemba kuti ndi wosafunika m'dzikomo, ndipo chiletso chake chimatha kufika zaka 5. Akadzabwerera ku Midzemba, akatswiri omwe aja adzapukusa mitu n'kunena kuti iwo anaona kale kuti pali dzanja la munthu.

Choncho achimwene, mukakatenga katsopano pemphani kuti kakale akubwezereni. Jambulani tsamba la pemiti pafoni, chitaninso fotokope, mumange mabuku onse awiri ndi labala, muwaike pamwamba pomwe mwana wa bolopeni safikira. Mayi akunyumba auzeni lero lomwe, asanakoleze mbaula ya madzulo.