Nafenso a ku Katuli tikaone ndiwo zikadali moyo

Ife a ku Katuli tikafika ku Lilongwe timadzitama kuti ndife a kunyanja, poti chiphaso chimati Mangochi. Chonsecho kwathu n'kumtunda, kufupi ndi Mozambique kusiyana ndi gombe, ndipo ambirife, ine patsogolo, madzi timawadziwira m'ndowa. Nsomba imatipeza itauma kale, ili panjinga. N'chifukwa chake ndikuti nafenso titsikire ku Cape Maclear, tikavale magalasi a m'madzi ndi kapaipi kopumira, tikazonde ndiwo kwawo.

Munena kuti kulipira ndalama n'kumangoyang'ana nsomba osadya ndi misala ya azungu. Mimba yanganso imatero. Komatu kumeneko boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, UNESCO n'kuiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tomwe ife tikanangoti n'tochepa poto. Anzathu amakwera ndege kukasuzumira matanthwe a pansi pa nyanja otchedwa korali ku Zanzibar ndi ku Australia, mchere uli tho m'kamwa. Ife korali tilibe, koma miyala ya pachilumba cha Thumbi ndi pa Otter Point ili m'madzi oyera opanda mchere, mbuna zabuluu, zachikasu ndi zamizeremizere zikupala ndere pamphuno pako penipeni. Yaikazi imafungatira mazira ndi ana m'kamwa masabata angapo osadya kanthu. Ine chitumbuwa sindingachisunge m'kamwa ngakhale mphindi imodzi, ndiye mayi wotereyu ndi wofunika kukamuona.

Zoti sitidziwa kusambira n'zoona, koma kapaipi sikafuna ukatswiri: jekete yoyandamitsa, nkhope m'madzi, kupumira pakamwa, basi. Chovuta n'chakuti paipi ikakhala kukamwa sungalankhule, ndipo kwa munthu ngati ine amenewo ndiye mayeso. Zomira pansi ndi botolo la mpweya kumsana zimafuna maphunziro a masiku angapo ndi thumba lolemera. Lamulo lake lalikulu ndi losagwira mpweya pokwera, kuopa kuphulitsa mapapo. Tizisiye kaye mpaka fodya adzagulidwe bwino. Likodzo liliko ndithu, koma mankhwala ali kuchipatala, ndipo ife tinalitola kalekale m'madambo mwathu popanda kuonako nsomba yabuluu ngakhale imodzi.

Chokhacho chomwe ndilibe nacho yankho, achimwene, n'chakuti mamita 100 kuchokera pagombe la pakiyi kuwedza n'koletsedwa. Ufa ndi tomato musiye kunyumba.