Kuseka Sikutulutsa Utsi

Tiyambire ku Ndirande. Mnyamata wa ku yunivesite anapita kukaona agogo ake, n'kuyamba kuwafotokozera za Earth Hour, mwambo umene unayambira ku Sydney mu 2007. "Agogo, Loweruka lina la mwezi wa Malichi anthu padziko lonse amazimitsa magetsi kwa ola limodzi, kuyambira 8:30 usiku, pokumbutsana zosamala dziko." Agogo anasiya kusenda mbatata. "Ola limodzi lokha? Ife dzulo tachita maola 8, dzana tsiku lonse. Uwafunse azunguwo, mphoto yathu tikatengere kuti?"

Tikwere basi ya ku Ntchisi. Kumudzi kwina kunafika alangizi ndi nkhani yokoma. Anati makampani a ku Ulaya, amene mafakitale awo amafuka usana ndi usiku, amalipira ndalama kuti mitengo kuno isadulidwe, poti mtengo umamwa mpweya woipawo n'kuusunga m'thunthu mwake. Amayi anaimba nthungululu, afumu anathokoza. M'mawa mwake alangizi akusukusula anangoona mkulu wina ataima pansi pa mbawa, nkhwangwa ili paphewa. "Bambo, kwagwanji?" "Ndikufuna kudula, alangizi. Ndilipireni kuti ndisiye." Alangizi asanayankhe, mkuluyo anawonjezera: "Ndipo mukonzeke ndithu, chilakolako chimenechi chimandigwira m'mawa uliwonse."

Iyi ndi ya pamsewu wa M1. Apolisi anaimitsa dalaivala wa lole amene ankayendetsa ngati akuzemba maenje omwe panalibe. Wapolisi atasuzumira pawindo anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. "Akulu, mwamwa." Dalaivala anakana kwamtuwagalu. "Bwana, simuwerenga? Kuyambira 1982 petulo wa m'Malawi muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa. Ameneyo ndi mchimwene wake wa kachasu. Fungo mukumvalo ndi la galimoto, ine ndangoiperekeza." Wapolisi anayang'ana thanki. "Koma lole yanuyi ndi ya dizilo." "Ndiye mwaona, bwana? Yaledzera mpaka yaiwala kuti imamwa chiyani."

Ku Chikwawa mlimi wa ng'ombe anamva pawailesi kuti dziko la Denmark lidzayamba kudula msonkho pa mpweya wotuluka m'ziweto kuyambira 2030, chifukwa ng'ombe ikageya imatulutsa mpweya wa methane umene umatenthetsa dziko kwambiri. Anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana khola. Kenako anatembenukira kwa akazi awo. "Amayi a mwana, ng'ombe ikageya imakhala yadya udzu wa Mulungu. Mkamwini wathu uja amageya atadya nsima yanga. Msonkho umenewu ubwere msanga, ndikudziwa poyambira."

Mphunzitsi wa ku Nsanje, m'mwezi wa Okotobala, thukuta lili kamukamu, ankaphunzitsa za pangano la ku Paris la mu 2015. "Maiko anagwirizana kuyesetsa kuti kutentha kusapitirire madigiri 1.5." Kamtsikana kena kanakweza dzanja. "Aphunzitsi, ife tili pa 40. Kodi Nsanje sinasaine?"

Tisachedwe, ku Kanengo kuli fakitale ina. Bwana wamkulu anabwera kuchokera kumsonkhano wakunja atatenthedwa mutu, n'kuitana kapitawo. "Ndalonjeza pamaso pa anthu kuti utsi wotuluka m'machumuni athu uchepa ndi theka pofika 2030. Uganize bwino, tili ndi zaka zochepa." Lolemba lotsatira kapitawo anagogoda akumwetulira. "Bwana, za 2030 zija tamaliza Loweruka." Bwana anadzidzimuka. "Mwagula makina atsopano?" "Ayi bwana, thumba limodzi la simenti basi. Machumuni analipo awiri, imodzi tatseka." "Nanga utsi wake?" "Musatsegule kabati yakumbuyo kwanuko, bwana."

Bambo wina wa ku Dedza anagulira akazi awo chitetezo mbaula, ija yadothi yomwe imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa atatu. Patatha mwezi anapeza mbaula ija ili kuseri kwa nyumba, nkhuku ikuikiramo mazira. "Amayi, mbaula yalakwanji? Yasweka?" "Siinasweke." "Ikufuka?" "Sikufuka." "Nanga?" Mayi anapukusa mutu. "Kale kunkhuni ndinkapita katatu pa sabata ndi anzanga. Pano kamodzi. Mwana wa a nyakwawa watenga mimba, wakwatiwa, ukwati watha, ine ndamva dzulo."

Pa Zalewa alangizi a zankhalango anagwira mnyamata akukankha njinga, matumba atatu a makala atasanjikizana mpaka kubisa mutu wake. "Iwe, sunali pamsonkhano uja tinanena kuti mpweya wa makala ukuwononga dera lathu lino?" "Ndinalipo, bwana, ndinakhala kutsogolo." "Nanga awa?" "Ndikuwachotsa m'dera lathu, bwana. Ndikukawataya ku Blantyre. Ndipo taonani, popanda ngakhale dontho la petulo."

Ya ku Salima ndi yaifupi. Mkulu wina atadutsa pa Nanjoka, pamene anayala mapanelo a sola opanga mamegawati 60 mu 2021, anasirira n'kukagula kapanelo kake. Patapita sabata anabwerera kusitolo atakwiya kuti sikakutchaja ngakhale foni. Wogulitsa anafunsa kuti anakaika pati. "Pansi pa mtengo wa mango, pamthunzi wabwino. Chinthu chodula chonchi ndingachisiye padzuwa?"

Minibasi ya ku Area 25 nayo sinatsale. Kondakitala anamva kuti anthu akamakwera galimoto imodzi ambiri, utsi wa munthu aliyense umachepa. Tsiku lomwelo mpando wa anthu atatu unanyamula asanu. Mayi wina, dengu lili pamiyendo, bondo la mnzake lili m'nthiti, anadandaula kuti sakupuma. "Ndi zomwezo, mayi," anatero kondakitala akukoka chitseko. "Mukapuma mumatulutsa mpweya woipa. Gwirani kaye mpaka mu Town."

Kuhotela ina ya m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi kunachitika msonkhano wa masiku atatu wokambirana zochepetsa utsi wa magalimoto. Panja panali magalimoto akuluakulu ndandanda, iliyonse itabweretsa munthu mmodzi, madalaivala ali mkati injini zikulira kuti mphepo yozizira isathe. Tsiku lomaliza mtsikana wina wongolembedwa kumene ntchito anaimirira. "Bwanji ulendo wina tonse tidzakwere basi imodzi?" M'holo munangoti zii. Wapampando anakonza tayi. "Mfundo yabwino kwambiri, mwanawe. Koma ikukhudza alawansi ya mafuta, ndiye ikufunika msonkhano wakewake. Ku Salima, mwezi wamawa."

Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, ndipo olemekezeka ena anafika pamudzi wina ndi atolankhani kudzabzala mtengo woyamba. Atangoti khasu kamodzi, dzenje linatseguka lokha. Anasangalala kwabasi. "Mfumu, nthaka yanu ndi yofewa bwino!" Afumu anaomba m'manja mwaulemu. "Zikomo bwana. Ndi dzenje lanu lomwe lija la chaka chatha ndi dzana lake. Timakusungirani." Olemekezeka anatsitsa mawu. "Nanga mitengo yakeyo ili kuti?" "Mwaigwira, bwana. Ndi mpini wa khasulo."