Kholo Lapantchito ndi Tsamba 14

Kholo lapantchito la m'tauni limagula buku mu Januwale, mwezi umene anthu amalumbira kuti asiya mowa, asiya katapila ndipo ayamba kuthamanga m'mamawa. Poti ndi mwezi womwewonso wa fizi ndi yunifolomu, bukulo siligulidwa latsopano ku CLAIM Mabuku. Limatoledwa kwa anyamata oyala mabuku akale pakhonde la sitolo ku Limbe kapena ku Old Town mu Lilongwe, ndipo mtengo wake amanenerera ngati wa tomato. Usiku woyamba mwini buku amawerenga masamba 14, n'kupanirapo kapepala ka mayunitsi a magetsi kuti mawa adzayambire pomwepo. Kapepalako kamalondera tsambalo mokhulupirika mpaka mvula ya chaka china.

Cholepheretsa si ulesi ayi. Nkhani yagona pa kaonedwe ka anthu: munthu wamkulu amene wagwira buku amaoneka ngati wasowa chochita, ndipo aliyense wamtima wabwino amaona kuti ndi udindo wake kumupulumutsa. Amene akuchapa amalonjeredwa mwachidule. Amene wagona pansi pa galimoto ndi sipanala amapatsidwa ulemu wake. Koma wowerenga amafunsidwa kuti, "Mwangokhalatu?" kenako amapatsidwa mwana kuti amunyamule.

Za m'mawa n'zosachita kutayira nthawi. Pali mbaula yoyatsa, phala, madzi osamba, ndi nsapato imodzi ya mwana imene imasowa tsiku lililonse la sukulu koma Loweruka imapezeka yokha pakhomo. Buku limangoponyedwa m'chikwama, pakati pa kontena ya nsima ndi ambulera.

Malo oyamba oyeserako kuwerenga ndi m'minibasi. Ulendo wochoka ku Area 25 kapena ku Bangwe kupita m'tauni ndi wautali ndithu, wokwanira masamba angapo, zikanakhala kuti manja ali pa ufulu. Koma mpando umene Mjapani anaupangira anthu atatu umakhala anthu anayi, chigongono chimodzi chimapanikizidwa ndi thumba la mbatata, china ndi msana wa kondakitala. Bukulo likatseguka, limasanduka la mzere wonse. Woyandikana naye amasuzumira, amawerenga nawo milomo ikugwedera, ndipo mwini akafuna kutembenuza tsamba amamugwira dzanja: "Tadikirani pang'ono, achimwene, sindinamalize." Posachedwa pamabwera funso limene silisowa, loti mukulemba mayeso anji. Kwa anthu ambiri buku ndi mankhwala a MSCE, ndipo wochira sapitiriza kumwa mankhwala. Kuyankha kuti ukungowerenga chabe kumachititsa minibasi yonse kukhala chete, ngati munthu waulula matenda.

Nyuzipepala ndiye imaona zakuda kuposa buku. Tsamba la mpira limabwerekedwa ndi a kumpando wakumbuyo kuti aone za Bullets ndi Wanderers, la ntchito limapita kwa mnyamata wa tayi, ndipo mwini ndalama amatsika atagwira tsamba la ma tenda.

Kuofesi kuli lamulo losalembedwa. Munthu woyang'ana pa kompyuta ali pa ntchito, ngakhale akuona nsapato pa Facebook. Munthu woyang'ana m'buku akuba nthawi ya kampani, ngakhale ili nthawi ya nkhomaliro. Chovomerezeka ndi The Nation ndi The Daily Times, zimene zimayenda motsata maudindo: zimayamba kwa abwana, n'kutsikira kwa akauntanti, n'kufika kwa amesenjala nkhani zitazizira, kenako kwa mayi wogulitsa mandasi pageti. Antchito apakati ambiri amadziwa zochitika m'dziko kudzera pa pepala lokulungira mandasi, lomwe limang'ambika pamene nduna imati iyankhe.

Madzulo kholo limawerenga ndithu, koma za eni. Mwana wa Sitandade 4 amabwera ndi homuweki, ndipo bambo amene anakula ndi Timve ndi Tsala amapezeka akutuluka thukuta pa masamu amene akuti masiku ano sawerengedwanso choncho. Homuweki ikatha, buku likangotuluka m'chikwama, pakhomo pamamveka "Odi!" Akuluakulu anati mlendo ndi mame, koma mame a m'tauni amagwa dzuwa litalowa ndipo sakamuka nsima isanaphikidwe. Mlendo akapeza mwini nyumba ali ndi buku amasangalala kwambiri, chifukwa wapeza munthu womasuka. Kupitiriza kuwerenga mlendo ali pampando ndi mwano umene ukhoza kukambidwa mpaka kumudzi, ndipo palibe wolera bwino amene angayese.

Apa mpofunika kusiyanitsa bambo ndi mayi, chifukwa mlandu wawo si umodzi. Bambo ali ndi linga lake. Akatambasula nyuzipepala kumaso, ana amauzidwa kuti asasokose, adadi akuona za dziko, ngakhale kuseri kwa pepalako kukumveka mkonono. Mayi alibe linga lotero. Iye wachokeranso kuntchito, wakweranso minibasi yomweyo, koma akatsegula buku nyumba yonse imaiwala pamene pamakhala mchere. Wina akufuna sokosi, wina wamenyedwa ndi mnzake, bambo akufunsa ngati madzi afunda. Kukakhala kuti apongozi abwera kudzaonana ndi dokotala ndipo akugona pomwepo, samanena kanthu. Amangoyang'ana bukulo, n'kuyang'ana mbale zili m'beseni, n'kutsokomola. Kutsokomola kumeneku kwatseketsa mabuku ambiri kuposa kuthima kwa magetsi.

Magetsiwo akathima, wowerenga wakhama amayatsa tochi ya foni. Apa mpamene amagwera m'mbuna. Foni ikangoyaka pamaoneka mauthenga a WhatsApp: gulu la kumpingo, gulu la banja, gulu lina la banja lomwelo limene mulibe azakhali, gulu la makolo a kusukulu, la banki m'khonde, la anzake a ku sekondale, ndi la maliro a chaka chatha limene palibe wolimba mtima woyamba kutulukamo. Zonsezi zimawerengedwa mosadumpha, pakuti wosayankha uthenga wa maliro amadzakumbukiridwa tsiku lake likadzafika. Choncho kunena kuti makolo a m'tauni sawerenga ndi kuwanamizira. Mauthenga a mwezi umodzi atasokedwa pamodzi akhoza kunenepa kuposa Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara la mu 1933. Kusiyana kwake n'koti Nthondo ali ndi mathero.

Njira zozembera zilipo. Ya National Library Service, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, ndi yabwino koma imagwa m'maola amene kholo lili kuntchito, ndipo Loweruka linatengedwa kale ndi zinkhoswe, maukwati ndi perekaniperekani. Chimbudzi chimathandiza kwa mphindi zochepa, mpaka mwana atagogoda kufunsa ngati adadi akudwala. Mzere wa kubanki kumapeto kwa mwezi ulinso ndi phindu. Koma laibulale yeniyeni ya amene ali ndi galimoto ndi mzere wa mafuta. Mmenemo muli mpando, muli bata, ana ali kutali, ndipo kunyumba palibe amene angadandaule chifukwa munthu ali pa ntchito ya banja. Alipo abambo amene amamva chisoni thanki ya mafuta ikafika msanga.

Buku limodzi lokha ndilo lili ndi chitetezo chonse. Munthu akatsegula Buku Lopatulika, lomwe lakhala m'nyumba za Amalawi kuchokera mu 1922, ana amayenda monyang'ama, mlendo amadikira pakhonde, ndipo ngakhale apongozi satsokomola. Ochenjera ena anazindikira zimenezi, ndipo amalowetsa buku lawo la nthano m'chikwama chakuda chazipi chonyamulira Baibulo. Njirayi imagwira ntchito kwa milungu ingapo. Kenako mbiri imafika kumpingo yoti m'nyumba yakuti muli munthu wokonda Mawu, ndipo pachisankho chotsatira amamusankha kukhala mlembi wa komiti ya chitukuko, imene imakumana Lachitatu, Lachisanu ndi Lamulungu mapemphero akatha. Walira mvula walira matope.

M'miyezi yonseyi bukulo silikhala chabe. Limakupizira mbaula, limapha udzudzu, limachirikiza mwendo wa tebulo, limavindikira kapu ya tiyi. Mwana wamng'ono amajambulamo galimoto pa tsamba lomaliza, ndipo ndi iye yekha m'nyumbamo amene amafika kumeneko.

Mapeto ake amabwera cha mu Disembala, achibale akachuluka pakhomo. Mlamu amalitola pamwamba pa TV, amawerenga kuchikuto, amati wakhala akulifunafuna kwa nthawi yaitali, ndipo amapempha kuti abwerekeko, abweza Lolemba. Kumana mlamu buku limene langokhala chaka chonse n'kosatheka, ndipo kulilonjerera pambuyo pake ndi umbombo. Bukulo limanyamuka ndi kapepala kake ka mayunitsi. Kwa mlamuko kapepalako kamabwezedwa pa tsamba 6.