Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ngakhale wa pa kanema

Tsiku lina madzulo ndinapeza mphwanga, mwana wa mchemwali wanga, atakhala pakhonde maso ali psuu, foni ili m'manja. Nditafunsa chimene chavuta anati, "Amalume, Dean wamwalira." Ine monga mwini mbumba ndinayamba kale kuwerengera chamumtima: bokosi, nkhuni, matumba a ufa, galimoto ya anamfedwa. Ndinafunsa kuti malemuyo ndi mwana wa yani ndipo zovutazo zili kuti. Akuti ku America. Watisiya liti? Akuti mu 2020, kungoti iyeyo filimuyo wangoimaliza kumene kuonera. Kenaka anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje n'kuti, "Koma musadandaule, ndimudzutsa usiku womwe uno."

Kwathu mwana akayankhula zotere timatuma munthu kukaitana akulu a mpingo. Ine ndinakhala pansi kaye kuti ndimvetse.

Dean ameneyu ndi wa mu Supernatural, sewero la pa TV limene Eric Kripke anayambitsa mu 2005 ndipo linatha mu Novembala 2020 litafika zigawo 327. Nkhani yake ndi ya banja la a Winchester a ku Lawrence, m'chigawo cha Kansas. Mu 1983 chiwanda chinapha mayi wa m'nyumbamo, Mary, pomutenthera kudenga, Dean ali ndi zaka 4, mng'ono wake Sam ali ndi miyezi 6. Bambo awo, John, m'malo mokasiya anawo kuchikazi monga akanachitira munthu wolongosoka, anawakweza mu Chevrolet Impala yakuda ya 1967 n'kuyamba kuzungulira dziko lonse kusaka mizukwa. Anawo anakulira m'malo ogona alendo otchipa, akuphunzira kuthamangitsa ziwanda anzawo akuphunzira samu. Mzukwa amauwombera ndi mfuti yoikamo mchere, ndipo kuti usabwerenso amafukula manda, kuthira mchere mafupa n'kuwatentha. Mchere ifenso tili nawo ndi malamulo ake, agogo akhoza kukuuzani amene sayenera kuthira m'ndiwo, koma zouika mu mfuti sitinaziganizepo.

Makolo anati chibale ndi fupa, sichiwola. Kwa a Winchester sichiwola ngakhale mutakwirira. John anapereka moyo wake kwa chiwanda kuti Dean achire. Dean anagulitsa mzimu wake kuti Sam adzuke. Dean atapita kugehena, mngelo wotchedwa Castiel anakamutulutsako mu 2008. Mayi aja nawo anabwerera mu 2016 patatha zaka zoposa 30. Pali chigawo china chimene Dean amafa kambirimbiri, koposa 100, Lachiwiri limodzi lomwelo. Banja limeneli likanakhala m'mudzi mwathu, adzukulu akanapita kwa amfumu kukatula pansi makasu.

Choncho kudzutsa Dean si nkhani yachilendo. Chachilendo n'chakuti womudzutsayo ndi mtsikana wa Fomu 4 amene sanakwerepo ndege. Zimene amachitazo amazitcha fan fiction: munthu wokonda sewero kapena buku amatenga anthu a m'nkhaniyo n'kuwalembera nkhani yakeyake, kenaka n'kuiika pa intaneti kuti anzake awerenge ulere. Ndinamufunsa ngati anapempha chilolezo kwa eni ake. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. "Amalume, si inu nomwe mumati mwana wa mnzako ngwako yemwe?"

Mwambi umenewo ndimaunenadi, makamaka ndikafuna kutuma mwana wa aneba kukandigulira mayunitsi. Wonse umati: mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Akale ankanena za mwana wa magazi ndi mafupa, wofunika phala, wofunika kumudzudzula akamatukwana panjira. Sankadziwa kuti kudzabwera ana opangidwa ndi cholembera, ndiponso kuti anthu masauzande adzawalera popanda wowapempha.

Koma nditawerenga zina mwa nkhanizo pa foni ya mphwangayo, ndinaona kuti mwambiwo akuutsata kuposa ife. Ambiri mwa olembawa alibe nazo ntchito ziwanda. Chimene chimawapweteka ndi kaleredwe. Amaona ana awiri amasiye osiyidwa okha m'chipinda, wamkulu akudyetsa mng'ono wake, bambo atapita kosaka zinthu za usiku, ndiye mtima wa unakubala umawagwira. Wina amalemba kuti moto uja sunabuke, Mary ali moyo ndipo akuphikira ana ake. Wina amabweza Sam ku yunivesite ya Stanford kuti akamalize sukulu akhale loya. Wina amapatsa Dean galaja, mkazi kapena mwamuna, galu, ndi tulo ta maola 8. Ndinawerengako ina yaitali ndithu, mitu ingapo, imene chinachitikamo ndi chakuti anyamatawo anachapa zovala n'kudya chakudya chotentha. Pansi pake anthu analemba kuti alira. Zimene anakanika John Winchester, akuzikwanitsa mayi wina wosadziwika ali pa kompyuta usiku ana ake enieni atagona, kapena mwina asanadye.

Pali ngakhale mwana woiwalika, monga zimakhalira m'banja lililonse. John anali ndi mwana wina kumbali, dzina lake Adam. Mu 2010 Adam anagwera m'khola la kugehena limodzi ndi Sam. Sam anatulutsidwa, Adam anatsala, ndipo olemba seweroli sanamubweretsenso mpaka 2019. Zaka zonsezo amene ankamukumbukira anali oonera. Ndi m'mene zimakhalira: mwana wa kunjira amene abale ake samutchula, amamudziwa bwino ndi anthu a pachitsime.

Apa ndi pamene ine Mchewa ndinayamba kuwamvetsa. Kwathu bambo amabereka, koma mwini wa ana ndi malume. Mkamwini akhoza kudzitama kuti anawa ndi anga, koma nkhani ikafika pa ukwati kapena pa mlandu amakhala chete kuseri kwa nkhokwe. Kripke ndi mkamwini. Anabereka, anakonza zoti nkhaniyo ithe pa chaka chachisanu, atafika pamenepo anasiya utsogoleri, koma anawo anapitirira zaka zina 10. Amalume a anawo ndi oonera, ndipo ndi ochuluka, aliyense ali ndi maganizo ake pa za amene mphwake ayenera kukwatira. Gulu lalikulu linagamula kalekale kuti Dean ndi mngelo uja Castiel amakondana, mpaka mayina awo anawalumikiza kukhala Destiel, ndipo nkhani za awiriwa pa tsamba la fan fiction lotchedwa Archive of Our Own zinapitirira 100,000. Pa 5 Novembala 2020, dziko la America likuwerengabe mavoti a Biden ndi Trump, Castiel anauza Dean kuti amamukonda, nthawi yomweyo n'kutengedwa ndi imfa. Amalume aja anaiwala za chisankho. Zina zimene amalemba ena za abale awiri aja, Sam ndi Dean, sindizitchula muno, pali apongozi akuwerenga.

Eni nkhani si onse amene amakondwera. Anne Rice, wolemba mabuku a anamapopa, kwa zaka zambiri ankaletsa anthu kukhudza ana ake a m'mabuku, ngati mayi uja amene amatuluka ndi mthiko ukangopatsa mwana wake mbatata. A Supernatural anasankha kuseka nawo. Anaikamo munthu wotchedwa Chuck amene amalemba mabuku a moyo wa Sam ndi Dean eni ake osadziwa, anaikamonso mtsikana wotchedwa Becky amene amalemba fan fiction ya mabukuwo. Chigawo cha nambala 200, mu 2014, anachitcha Fan Fiction, ndipo m'menemo atsikana a sukulu amachita sewero la nyimbo la moyo wa anyamatawo, eni ake ataima kukamwa kuli yasa. Chuck uja pambuyo pake anadzapezeka kuti ndi Mulungu, ndipo chaka chomaliza chonse ana akulimbana ndi wowalemba. Mkamwini anavomera yekha kuti ana amukana.

Chatsala ndi mchira wa mwambi uja, wa kudya naye. Manja ndiye ngochenjera, zala za mphwanga zimathamanga pa foni kuposa m'mene zimathamangira posankha nyemba. Koma kudyako kulibe. Archive of Our Own, imene inatsegulidwa mu 2009 ndipo mu 2019 inalandira mphoto ya zolembalemba ya Hugo, imayendetsedwa ndi anthu odzipereka ndi zopereka za owerenga, ndipo salola kugulitsirapo. Ukangoyamba kulipiritsa, eni ake a mwana amabwera ndi maloya. Amene anachenjera manja kwenikweni ndi E. L. James. Nkhani yake inayamba ngati fan fiction ya mabuku a Twilight, kenaka anawasintha mayina anawo, Edward kukhala Christian, Bella kukhala Ana, n'kuitulutsa mu 2011 ngati Fifty Shades of Grey. Mabuku ake anagulidwa oposa 100 miliyoni. Kumeneko ndiye kutenga mwana wa mnzako, kumumeta, kumutcha dzina lina, n'kumutuma kukagulitsa mandasi.

Ndikaganiza bwino, agogo anga nawo ankachita zomwezi pamoto. Kalulu sanali wawo, koma usiku uliwonse ankamuwonjezera bodza latsopano, ife n'kumati tili tonse, ndipo palibe anabwera kudzawafunsa chiphaso.

M'mawa mwake mphwanga anandipatsa foni kuti ndiwerenge. Mu sewero lenileni Dean anafera m'khola la pa famu atabaidwa ndi chitsulo kumsana. Mu nkhani yake chitsulocho chinangong'amba jekete. Anyamatawo anakwera Impala ulendo wa ku Dedza, kumene kunali mlandu wa chidyamakanda, ndipo anafikira kwa mkulu wina wa dazi, wokonda miyambi, wouma manja pa nkhani ya ndalama. Mkuluyo anadyedwa ndi fisi pa mutu wachitatu.

Ndinafunsa ngati adzadzukenso. Anati zitengera bandulo ya sabata ino.